Kodi "like" ndi kukonda kapena ndi ngati, nanga liwuli linachokera kuti?

Funso lochokera kwa mayi wina: Mwana wanga wamkazi ali folomu 3 ndipo akamacheza ndi anzake m'Chingerezi palibe chiganizo chimatha opanda "like". Aphunzitsi amudula malikisi pa kompozishoni ati liwuli ndi la mumsewu. Ine kusukulu ndinaphunzira kuti like ndi kukonda, koma pena ndimamva akuligwiritsa ntchito ngati mmene ife timanenera kuti "ngati". Zoona zake ndi ziti, linachokera kuti, ndipo likusiyana bwanji ndi similar?

Mayi, zonse ziwiri mwatchulazo ndi zoona, like ndi kukonda komanso like ndi ngati, ndipo sikuti ndi mawu awiri achilendo omwe anangokumana mwangozi n'kumamveka mofanana ayi, onse anaphuka pa tsinde limodzi. Aphunzitsi aja sanalakwe kudula malikisi ngati mwanayo analemba pa pepala mmene amayankhulira ndi anzake pa bureki, koma pomwe sindikugwirizana nawo ndi poti liwuli ndi la mumsewu, chifukwa like ndi limodzi mwa mawu akale kwambiri omwe Chingerezi chili nawo, linalipo Chingerezicho chisanayambe n'komwe kumveka mmene timachimvera lerolino. Nde tiyeni tiyambire komwe linachokera, mukagwira pamenepo zinazi sizivutanso.

Chingerezi chakale chenicheni, chomwe ankayankhula ku England kuyambira cha m'ma 450 kukafika cha m'ma 1100, chinali ndi liwu lomwe ankalemba kuti lic, potchula amakoka i uja n'kumalizira ngati tch, liitch. Tanthauzo lake linali thupi. Thupi la munthu wamoyo, mtembo, ngakhale kaumbidwe ka chinthu mmene chikuonekera ndi maso, zonsezo linali liwu limodzi lomwelo. Kutsogolo kwake amaphatikako ka ge, kamene kamatanthauza pamodzi, n'kukhala gelic, ndiye zinthu ziwiri zikakhala gelic ndiye kuti ndi za thupi limodzi, zinaumbidwa mofanana. Taonani mmene ganizo lake lilili lapafupi, anthu aja pofuna kunena kuti mwana akufanana ndi bambo ake amangoloza thupi basi, kuti kaumbidwe kawo n'kamodzi. Ife timati watengera bambo ake.

Ka ge kaja kanayamba kutha pang'onopang'ono pakamwa pa anthu, poyamba kanasanduka i kapena y, kenako kanazimirira. Nanga k amene timamumva lero anabwera bwanji pomwe akale amati liitch? Apa pali dzanja la ma Viking, anthu a ku Denmark ndi Norway omwe analowa mu England m'zaka za m'ma 800, ambiri n'kukhazikika kumpoto ndi kummawa kwa dzikolo, mzinda wa York unakhala m'manja mwawo kwa nthawi ndithu. Chiyankhulo chawo chinali pachibale ndi Chingerezi ndipo iwo liwu lomweli amati likr kapena glikr, k wake womveka bwino. Katchulidwe ka k kanalimba kumpotoko kenako n'kufalikira dziko lonse, moti pofika m'ma 1200 ndi 1300 like wofanana ndi wathuyu wayamba kale kuoneka m'zolembedwa.

Thupi lija silinasowe, likanalipo pena ndi pena ngati mukudziwa poyang'ana. Abale athu omwe ali ku Britain akapita pa tchalitchi chakale cha kumudzi amapeza geti lolowera kubwalo la tchalitchi komwe kuli manda lili ndi kadenga pamwamba, dzina lake ndi lychgate, kutanthauza geti la mtembo, chifukwa kale onyamula maliro ankaima pansi pa kadengako ndi malemuwo kudikira abusa kuti abwere adzawalandire. Lych ameneyo ndi lic yemwe uja. M'Chijeremani mtembo ndi Leiche pomwe zofanana amati gleich, m'Chidatchi mtembo ndi lijk zofanana ndi gelijk, mukuona ge uja kumeneko sanathe. Ndipo omwe ali ku Joni kapena ku Cape Town akamva wa Afrikaans akunena kuti "dit lyk mooi", kutanthauza kuti chikuoneka bwino, adziwe kuti lyk yemweyo m'chiyankhulo chomwecho ndi mtembo, nyumba ya chisoni amati lykshuis. Liwu limodzi, maonekedwe komanso thupi, mpaka lero.

Chomwe ambiri sadziwa n'choti lic yemweyu anabisala m'mawu ambirimbiri omwe mwana wanuyo amalemba tsiku lililonse ndipo palibe mphunzitsi angamudule. Ka ly kamene kali kumapeto kwa friendly, manly, quickly, slowly ndi lic uja wafupika. Friendly kale inali freondlic, wa maonekedwe a bwenzi, wochita ngati bwenzi, Ajeremani mpaka pano amati freundlich ndipo a Afrikaans amati vriendelik, k mukumumva kumapetoko. Which anachokera ku hwilc, kunena kuti wa maonekedwe anji, such anachokera ku swilc, wa maonekedwe otero. Likely ndiye ali ndi like kawiri, koyamba poyera kachiwiri mu ly muja. Patapita nthawi Angerezi anayambanso kumata like wathunthu kumapeto kwa mayina, nde tili ndi childlike, ladylike, businesslike. Apa mwanayo asamale, childlike ndi kuyamikira, munthu wa mtima woyera ngati wa mwana, pomwe childish ndi kunyoza, wachibwana. Mukauza munthu wamkulu kuti ndi childish mukuganiza kuti mukumuyamikira, ubale utha pomwepo.

Tsopano kukonda kunalowa bwanji? Apa ndi pomwe ine pamandisangalatsa kwambiri chifukwa Chichewa chathu chimatithandiza kumvetsa kuposa mmene Mngerezi wa lero angamvere. Chingerezi chakale chinali ndi mneni woti lician, wochokera pa tsinde lomwe lija, ndipo sankatanthauza kukonda mmene tikudziwira pano, ankatanthauza kukomera munthu, kumuyanja. Ganizo lake n'loti chinthu chomwe chikulingana nawe, chokukwana bwino, ndi chomwe chimakusangalatsa. Ndiye wochita ntchito m'chiganizo sanali munthu ayi, chinali chinthucho. Ife timanena zonse ziwiri, utha kunena kuti ndimakonda kondowole, uthanso kunena kuti kondowole amandiyanja kapena amandikomera, ndipo Angerezi akale amanena njira yachiwiriyi. Mu sewero lina la Shakespeare la cha m'ma 1590 munthu wina akuuza mnzake kuti "the music likes you not", wowerenga wa lero amadabwa kuti nyimbo ingadane bwanji ndi munthu, pomwe akungonena kuti nyimboyi sikukukomerani. M'kupita kwa zaka chiganizo chinatembenuka, munthu anabwera kutsogolo chinthu n'kupita kumbuyo, nde "it likes me" inasanduka "I like it".

Like wa pa Facebook, ka chala chachikulu kaja, ndi mdzukulu wa mneni ameneyu. Batani limenelo analiika mu February 2009, ndipo kuchokera pamenepo like anatchuka ngati chinthu chowerengeka, positi yanga yapeza ma like angati, ngakhale kuti kunena kuti "likes and dislikes" pa zomwe munthu amakonda ndi kudana nazo kunalipo kalekale intaneti kusanabwere.

Tibwere ku kagwiritsidwe ntchito, chifukwa malikisi amathera kuno. Vuto lalikulu kwa ife ndi loti ngati wathu ndi mmodzi koma m'Chingerezi amagawika pawiri, like ndi as. Ndikati mchemwali wanga amagwira ntchito ngati namwino, mutha kumva kuti ndi namwinodi wa yunifomu kuchipatala, muthanso kumva kuti si namwino koma mmene amasamalirira odwala pakhomo amakhala ngati namwino. Mngerezi ziwirizi amazilekanitsa. "She works as a nurse" ndiye kuti ndi ntchito yake yeniyeni, amalandirapo salale. "She works like a nurse" ndiye kuti si namwino, akungofanana naye m'kachitidwe. Ndimaziona kawirikawiri m'makalata ofunsira ntchito, mnyamata walemba "I worked like a cashier for two years", iye akufuna kunena kuti anali kashiya, koma wowerenga akumva zoti sanali kashiya, amangochita ngati kashiya. Kachinthu kakang'ono koma kamapweteka, nde ichi mwanayo achigwire lero lomwe.

Lamulo lachiwiri lomwe aphunzitsi amalimbikira ndi loti like atsatiridwe ndi dzina kapena mlowam'malo, pomwe as atsatiridwe ndi chiganizo chokhala ndi mneni wake. "She sings like her mother" zili bwino. "She sings as her mother does" zili bwino. Koma "she sings like her mother does" ndi pomwe cholembera chofiira chimatuluka. Mkangano umenewu unaphulika ku America mu 1954 pomwe kampani ya fodya ya R. J. Reynolds inatulutsa malonda a ndudu zake ndi mawu oti "Winston tastes good like a cigarette should", akatswiri a galamala anakwiya kuti pamayenera kukhala as osati like, nkhani inakula mpaka m'manyuzipepala, ndipo kenako kampaniyo inayankha ndi malonda ena ofunsa anthu ngati akufuna galamala yabwino kapena kukoma. Zoona zake n'zoti like wotsatiridwa ndi chiganizo wakhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira m'ma 1300 ndipo alembi akuluakulu amulembapo, lero ku Britain ndi ku America pafupifupi aliyense amayankhula choncho. Komabe pa mayeso a MANEB kapena kalata ya ku ofesi ine ndimalangiza as, as if kapena as though, chifukwa wochonga pepala sakhala ndi nthawi yomvera mbiri ya zaka 600, amangoona lamulo lomwe lili m'buku. Nde polankhula "it looks like it will rain" palibe vuto, polemba "it looks as if it will rain". Ndipo pambuyo pa like pamabwera me, him, her, us, them, timati "people like you and me" osati "like you and I".

Pali mafunso anayi omwe amasokoneza ngakhale anthu a madigiri, ndipo ndikufuna muwaone bwinobwino chifukwa amafanana kwambiri. Tiyerekeze mwana wanu wamkulu wapeza chibwenzi ndipo mukumufunsa za mnyamatayo. "What does he like?" mukufunsa zomwe amakonda, yankho likhala mpira, nsomba, nyimbo za kwaya. "What is he like?" mukufunsa khalidwe lake, ndi munthu wotani, yankho likhala ndi wofatsa, ndi waulemu, amapsa mtima msanga. "What does he look like?" mukufunsa maonekedwe, wamtali, woyererako, wa ndevu. "How is he?" mukufunsa moyo, ali bwanji. Tsono chomwe timamva paliponse kwathu kuno, pa wailesi pomwe, ndi "how does he look like?" Chimenechi m'Chingerezi cha pa mayeso ndi cholakwika, ndipo chimabwera chifukwa m'mutu tikuti akuoneka bwanji, bwanji uja n'kukhala how, kenako tikukumbukira kuti pamafunika like n'kumuponyanso kumapeto. Sankhani chimodzi, "how does he look?" kapena "what does he look like?", how ndi like sayendera limodzi pamenepa.

Chinanso chaching'ono, "I like tea" ndiye kuti tiyi ndimamukonda masiku onse, pomwe "I would like tea" ndi kupempha mwaulemu kuti mundipatseko tiyi pano. Ife "ndikufuna" sitimuona ngati wamwano tikamutchula ndi mawu ofewa, koma "I want" kwa Mngerezi amamveka ngati kulamula, nde ku banki, kuchipatala, pa intavyu, would like ndi amene amagwira ntchito ya "ndimapempha nawo".

Nanga similar? Ameneyu ndi mlendo poyerekeza ndi like. Anachokera ku Chilatini similis kudzera m'Chifalansa similaire ndipo analowa m'Chingerezi cha kumapeto kwa m'ma 1500 kapena kumayambiriro kwa m'ma 1600, nthawi yomwe anthu ophunzira amabwereka mawu ambiri ku Chilatini kuti alembere za sayansi, malamulo ndi zachipatala. Chingerezi chili ndi chizolowezi chimenechi, liwu la pakhomo lochokera kwa makolo awo ndi liwu la m'buku lochokera ku Chifalansa kapena Chilatini, makamaka chiyambire 1066 pomwe ma Norman oyankhula Chifalansa analanda England. N'chifukwa chake similar amamveka wophunzira, like amamveka wa tsiku ndi tsiku, koma sikuti wina ndi wolondola kuposa mnzake. Abale ake a similar ndi ambiri, simile chomwe ife m'kalasi ya Chichewa timati chifanifani, resemble amene anabwera kale m'ma 1300 kudzera ku Chifalansa, assimilate, simulate, ngakhale fax makina aja otumizira makalata, dzina lake lonse ndi facsimile kuchokera ku Chilatini fac simile, panga chofanana. Same ndi wa ma Viking aja, anabwera naye ndi iwo, ndipo mukakumba pansi kwambiri same ndi similis ndi apachibale, onse akuchokera ku liwu lakalekale lotanthauza chimodzi.

Koma ngakhale ndi apachibale, similar si same, ndipo apa Chichewa chimatipusitsa chifukwa kufanana timakugwiritsa ntchito ponseponse. Same ndi chimodzimodzi, palibe kusiyana, similar ndi kufananako, zambiri zikugwirizana koma si chinthu chimodzi. Wogulitsa zipangizo za galimoto akakuuzani kuti ilibe yomwe mukufunayo koma ali ndi ina "similar", wakuuzani kale kuti si yomweyo, mufunse kuti ikusiyana pati musanapereke ndalama, chimodzimodzinso ndi mankhwala ku famase. Mwana wanuyo ku masamu akumana nazo kapena wakumana nazo kale, ma triangle awiri amatchedwa similar ngati ngodya zawo zili zofanana ndipo mbali zawo zikukula mogwirizana, ngakhale wina ndi wamkulu wina wamng'ono. Wina mbali zake 3, 4, 5, mnzake 6, 8, 10, amenewa ndi similar, mbali iliyonse yachulukitsidwa kawiri, koma malo omwe akutenga woyamba ndi 6 wachiwiri ndi 24, kanayi. Akakhala ofanana ndi kukula komwe, woti utha kumusanjika pa mnzake osatsala kanthu, amati congruent. Mwana amene wamvetsa kusiyana kumeneku ku masamu sangasokonezenso similar ndi same ku Chingerezi.

Pomwe ana athu ambiri amagwera ndi pa kaliwu kotsatira. Ife timati kufanana ndi, ndiye ndi uja m'mutu amasanduka with, mwana n'kulemba "similar with". Cholondola ndi "similar to". Same amayenda ndi as ndipo amafuna the kutsogolo, "the same as", osati "same with" kapena "same like". Resemble safuna kalikonse pambuyo pake, "she resembles her mother" basi, osati "resembles with", osati "resembles to", osatinso "resembles like" yomwe ndi kunena ngati kawiri. Alike amabwera kumapeto zinthu ziwirizo zitatchulidwa kale, "the twins look alike", sungamuike kutsogolo kwa dzina n'kunena kuti "alike twins". Kunena zoona mayi, mu mapepala a ana omwe ndimaona, malikisi ambiri amathera pa tizinthu timeneti kuposa pa like wa m'macheza uja, koma poti tilibe phokoso makolo satiwona.

Tsopano like amene akukudetsani nkhawayo, wobwera paliponse. Anthu ambiri amati ndi phokoso chabe lopanda tanthauzo, koma mukamvetsera bwino mwanayo akamayankhula mupeza kuti akugwira ntchito zingapo zosiyana. Ina ndi yoyerekeza chiwerengero, "there were like ten people", ndipo ife timachita chimodzimodzi ndendende, panali anthu ngati khumi, sitikunena kuti amafanana ndi khumi, tikunena kuti sindinawerenge koma ndi chapamenepo. Ina ndi yofewetsa mawu, mtsikana akati "can you, like, move a bit?" akupewa kumveka ngati akulamula. Ina ndi yongogwira malo pomwe akusaka liwu lotsatira, mmene ife timanenera kuti ujeni, kapena mmene ena sangamalize nkhani opanda "eti" ndi "mwaona".

Koma yomwe imandichititsa chidwi ndi ya "I was like". Mwana akati "I was like, no way!" sakunena kuti anatchuladi mawu amenewo, mwina anangoganiza mumtima, mwina inali nkhope chabe, akukuonetsani mmene zinamukhudzira, kawirikawiri ndi manja ndi nkhope yomwe. Said sangagwire ntchito imeneyi chifukwa said amalonjeza kuti mawuwo anatulukadi pakamwa. Chichewa chakhala ndi chida chimenechi kuyambira kalekale, ndi kuti wathu uja. Nditamva mtengo wa feteleza ndinangoti mayo ine, kodi ndinanenadi mokweza? Mwina ayi. Anangoti kukamwa yasa, ndinangoti kakasi, galu anangoti liwiro phamu, apa palibe wayankhula, kuti akungotsegulira njira mvekero kapena chithunzi cha zomwe zinachitika. M'Chingerezi achinyamata anapanga njira yachidule yochitira zimenezi ndi like. Akatswiri a ziyankhulo anayamba kuzilemba ku America cha mu 1982, pofika m'ma 1990 zinali zitafika ku Canada, Britain ndi Australia, kwathu kuno zafika ndi mafilimu, YouTube ndi TikTok. Alexandra D'Arcy wa ku yunivesite ya Victoria ku Canada anafufuza nkhani ya like kwa zaka zambiri, ndipo anaonetsa kuti kupatula "I was like" yemwe ndi watsopanodi, ma like enawa ndi akale kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira, ndipo amagwera m'malo odziwika m'chiganizo, sangogwa paliponse. Ku Ireland, ku Scotland ndi kumpoto kwa England agogo enieni amamuika kumapeto, "it was cold, like", ndipo akhala akutero mibadwo ndi mibadwo. Nde musamuone mwana wanu ngati wawonongeka mutu kapena sakudziwa Chingerezi, nthawi zambiri mwana amene amatha kuponya like m'malo ake ndi amene khutu lake lagwira chiyankhulocho bwino.

Chomwe akufunika kuphunzira ndi kusintha malingana ndi malo, zomwe m'Chichewa amazidziwa kale, sayankhula ndi agogo ake kapena abusa mmene amayankhulira ndi anzake a mu hositelo. Pa kompozishoni like aliyense wa m'macheza ali ndi mnzake wa m'buku womulowa m'malo. Pomwe amati "like ten people" alembe "about ten people". Pomwe amati "I was like" alembe "I said", "I thought" kapena "I wondered", asankhe malinga ndi zomwe zinachitikadi, ndipo kusankha kumeneko kumamukakamiza kuganiza bwino zomwe akufuna kunena. Popereka zitsanzo, "crops like maize and groundnuts" si cholakwika kwenikweni koma "crops such as maize and groundnuts" ndi chomwe ochonga amakonda, ena amati like amamveka ngati ukunena mbewu zofanana ndi chimanga osati chimangacho. Like wongogwira malo uja angomuchotsa, chiganizo chiima chokha. Koma like wa chifanifani, "he fought like a lion", like wa mneni, "I like reading", ndi mawu okhazikika ngati "like father, like son", omwe ndi make mbuu mwana mbuu wathu uja, amenewa asawaope, ndi Chingerezi choyera ndipo amakometsa nkhani. Ndimamva chisoni ndikaona mwana atadzudzulidwa kamodzi n'kuyamba kuthawa like paliponse, n'kumalemba "he fought similar to a lion" yomwe ndi yolemera komanso yosamveka bwino, kuthawa liwu labwino chifukwa cha mantha.

Pa intavyu ya ntchito kapena akamayankhula pagulu ngati pa dibeti ya kusukulu, like wambiri amamupangitsa kumveka ngati sakutsimikiza zomwe akunena, ndipo anthu akuluakulu amaweruza msanga makamaka akakhala mtsikana, zomwe si chilungamo koma zimachitika. Njira yomwe imathandiza ndi yoti adzijambule mawu pa foni kwa mphindi ziwiri akufotokoza nkhani iliyonse, kenako amvetsere yekha n'kumaona pomwe like wabwera, aliyense amufunse kuti ukugwira ntchito yanji pano. Omwe akuyerekeza nambala kapena kufanizira zinthu awasiye, omwe angotseka dzenje ayesere kungokhala chete kwa kamphindi m'malo mwake. Kumukalipira nthawi iliyonse akatchula like sikuthandiza, amangosiya kuyankhula Chingerezi pamaso panu basi.

Ndiye pemphani pepala lomwe anadulidwa malikisilo mulione limodzi ndi mwanayo, muyang'ane like weniweni yemwe aphunzitsi anamuzunguliza. Ngati ndi "I was like" kapena "like ten people", aphunzitsi anachita bwino ndipo akonze mmene ndafotokozeramu. Ngati ndi like wotsatiridwa ndi chiganizo, asinthe aike as kapena as if. Koma ngati ndi chiganizo ngati "she sings like her mother" kapena "it tastes like honey", mwanayo sanalakwe, apite kwa aphunzitsiwo mwaulemu ndi pepala lakelo akawafunse kuti amufotokozere chomwe chalakwika pamenepo.